Ma rose joint akugogoda: bwanji sachedwa kutha kuno ku Chigwa cha Shire?

Galimoto yomwe inaikidwa zitsulo za mpikisano ku sasipenshoni ikangotsika zitunda za ku Thabwa n'kukhazikika kuno kuchigwa, dandaulo lake limakhala limodzimodzi. Miyezi yoyamba imayenda phee, chiwongolero chili nganganga. Kenako kumayamba kaphokoso ka "go, go" podutsa pa mabampu a pa Nchalo, mapeto ake gwedegwede weniweni mukangolowa msewu wafumbi. Mwini wake amagula joini ina, makaniko amaika, koma dzinja lisanathe phokoso labwerera. Apa m'pamene anthu amayamba zoti zipangizo za masiku ano n'zachinyengo zokhazokha. Zachinyengo zilipodi, ndipo tizikamba, koma majoini ambiri amene amafera kuno amaphedwa ndi fumbi, girisi wopakidwa posayenera, ndi maikidwe olakwika.

Ndikunena joini ija yopanda mphira: mpira wachitsulo wobooka pakati, womwe umatembenuka m'kati mwa mphete yachitsulo. Ina imakhala ndi mchira wa mazinga, muja mumayenda nati, ina imangokhomeredwa m'bowo la mkono wa sasipenshoni. Pogula mudzaimva ikutchedwa rose joint, heim joint, rod end kapena pillow ball, malinga ndi dziko lomwe yachokera. Amakaniko a mathirakitala onyamula nzimbe si achilendo kwa iyo ayi, chifukwa kumapeto kwa masilinda a haidiroliki ndi pa mikono yokokera makasu kumbuyo kwa thirakitala kumakhala mtundu womwewu, kungoti wokulirapo. Pa galimoto zing'onozing'ono imabwera ndi zogula kale za ku Japan zomwe eni ake oyamba ankathamanga nazo, monga ma Subaru Impreza ndi ma Altezza otsitsidwa, komanso pa mapikiapu okwezedwa omwe anaikidwa mikono yotha kutalikitsa.

Pa mpikisano amaikonda chifukwa siifwamphuka ngati bushi ya mphira. Tayala limakhala pomwe analiika, ndipo woyendetsa amamva chilichonse chimene msewu ukuchita. Koma galimoto ya mpikisano imayenda maola owerengeka pa tala wosesedwa, ikatero amaikweza pa jeke n'kuyang'ana joini iliyonse, yotha n'kutaya. Kwa iwo ndi chinthu chosinthasintha ngati mabuleki. Ife timaitenga n'kukaiyendetsa ku East Bank kapena njira ya ku Chapananga chaka chathunthu osaiyang'anako, n'kumadabwa.

Yambani mwapeza pomwe pakulira

Musagule kanthu musanaike dzanja pa joiniyo. Phokoso la sasipenshoni limanamiza: limayenda m'chitsulo, mumalimva kumanzere pomwe likuchokera kumanja. Kwezani galimoto, muikhazike pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Mnzanu agwire tayala pamwamba ndi pansi, aligwedeze, kenako agwire kutsogolo ndi kumbuyo, agwedezenso. Inuyo zala zanu zikhale zitagwira mphete ndi mpira nthawi imodzi. Joini yotha imamveka m'zala isanaoneke ndi maso: kamadumpha pang'ono, "tiki tiki". Ngati simukumva kanthu, lowetsani chitsulo chopanira matayala pansi pa mkonowo, mukankhe m'mwamba ndi pansi, kenako cham'mbali. Majoini ena amabisa kutha kwawo tayala likalendewera chifukwa sipuling'i imawakoka mbali imodzi, choncho yesaninso galimoto itaima pa matayala ake, mnzanu akuigwedeza uku ndi uku inu muli pa dzenje la galaja.

Pali zinthu zina zomwe zimalira chimodzimodzi, ndipo zambiri n'zotchipa kukonza. Tizitsulo tolumikiza sitabilaiza, tayirodi, bolojoini wamba, bering'i ya tayala. Pa galimoto za makoilova (mashoko okhala ndi sipuling'i yotha kukwezedwa kapena kutsitsidwa), yang'anani manati akuluakulu ozungulira thupi la shoko aja: akamasuka pang'ono chabe amagogoda ngati joini yatheratu. Nati ya pamwamba pa shoko, m'kati mwa boneti, nayo imachita zomwezo. Si zachilendo munthu kusintha pillow ball yamoyo bwinobwino pomwe vuto linali nati yofuna sipanala basi.

Yang'ananinso mtundu wa fumbi lozungulira bawuti. Fumbi lathu lino n'lotuwa kapena lodera. Mukaona kaufa kofiira kuti psuu kakutuluka pakati pa mpira ndi bawuti, kapena pansi pa nati, dziwani kuti zitsulo ziwiri zomwe zimayenera kugwirana osasuntha zikukhulana. Pamenepo joini ikhoza kukhala yabwino, chomasuka ndi bawuti.

Fumbi ndi girisi

Apa m'pomwe pagona nkhani yaikulu, ndipo m'pomwe amisiri abwino amalakwitsa chifukwa cha chizolowezi chabwino. Majoiniwa alipo a mitundu iwiri, ndipo chosamalira wina ndi chomwe chimapha mnzake.

Mtundu woyamba ndi wa chitsulo pa chitsulo, kapena chitsulo pa mkuwa. Umenewu umafuna girisi, ndipo kawirikawiri umakhala ndi kanipo kopopera. Ndi womwe timauona pa mathirakitala. Ukakhala watsopano umatembenuka mosavuta chifukwa anasiya kampata koti girisi alowe. Ukauma umalira "kwii kwii" kenako umadyana. Mtundu wachiwiri uli ndi kansalu kopyapyala ka PTFE, komwe ambiri amakadziwa ndi dzina loti Teflon, komatidwa m'kati mwa mphete. Mpira umatsetsereka pa kansaluko, ndipo kansaluko kamasiya utoto wake woterera pa mpirawo. Umenewu sufuna girisi ngakhale pang'ono. Majoini ambiri a sasipenshoni ya mpikisano ndi a mtundu wachiwiriwu.

Ndiye taganizani zomwe zimachitika. Galimoto yabwera ku sevisi, mnyamata wa pa galaja waona joini ili mbee, youma, wamva chisoni, waipaka girisi wodzaza chala. "Bwana, ndakuthirirani konse, inali youma." Galimoto yalowa msewu wa ku Makhanga mwezi wa Okutobala. Fumbi lonse lomwe likanangodutsa lamatirira pa girisi uja, ndipo fumbi la m'chigwa muno lili ndi timchenga tolimba ta m'mitsinje. Mpira ukamatembenuka umakokera phala limenelo m'kati. Zikatero joini ikudzikwecha yokha, monga mmene amayi amakwechera poto ndi mchenga. Kansalu kaja n'kopyapyala kosafika milimita imodzi. Kakangoperepeseka, mpata wapezeka, ndipo bampu iliyonse imasanduka nyundo yokulitsa mpatawo. N'chifukwa chake joini ikayamba kugogoda siichedwa kutheratu.

Mafuta opopera omasulira dzimbiri nawo si mankhwala. Phokoso limaleka tsiku limodzi kapena awiri, koma pa joini ya girisi amatsuka girisiyo, pa ya kansalu amaitana fumbi.

Chochita n'chosavuta koma n'chotopetsa. Ya kansalu muziipukuta ndi nsanza youma kapena yonyowa pang'ono, kutembenuza chiwongolero kuti mbali zobisika za mpira zionekere. Mukachoka ulendo wautali wafumbi, pukutani tsiku lomwelo. Ya chitsulo pa chitsulo muziipopera girisi pafupipafupi mpaka wakale wakuda atuluke m'mbali, chifukwa girisi watsopano ndi amene amakankhira fumbi kunja, kenako pukutani yense wotsalira kunjayo. Ambiri amaiwala kupukutako.

Ndipo vekani majoini anu. Pali timphira topangidwira ntchito imeneyi: tina ndi tizipewa tokuta joini yonse, tina ndi mawashala okhala ndi mlomo wa mphira womwe umatsamira pa mphete mbali zonse ziwiri. Kuno, kwa ine, joini yopanda chophimba ndi ndalama zotaya. Mukamaitanitsa majoini itanitsirani limodzi. Pa mabering'i okhomera a kampani ya SKF a mtundu wa GE, zilembo zakumapeto monga 2RS kapena 2LS zimasonyeza kuti ali ndi zotsekera fumbi mbali zonse ziwiri. Ngati kukula kwake kukugwirizana ndi bowo lanu, tengani amenewo. Kudula chubu chanjinga n'kumanga ndi waya kumathandizako pa ulendo umodzi, koma samalani: chophimba chong'ambika kapena chosatseka bwino n'choipa kuposa kusaphimba, chifukwa chimalowetsa madzi ndi matope n'kuwasunga momwemo.

Madzi

Dzinja lili ndi vuto lakelake. Madzi a mitsinje ya Mwanza, Thangadzi kapena timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo kupita ku East Bank sakhala oyera, amanyamula dothi losalala kwambiri lomwe limalowa paliponse. Aliyense amene anakonzako galimoto zomwe zinamira nthawi ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023 akudziwa mmene dothi limeneli limapezekera ngakhale m'malo omwe mumati ngotsekeka. Mpira wa joini yabwino umakutidwa ndi kromu, koma kromuyo akakalika ndi mchenga dzimbiri limalowa pansi pake, n'kutukumula timatuza takuthwa. Timatuza timeneti timadula kansalu ngati lezala. Mukawoloka madzi ofika pa ma joini, tsukani ndi madzi oyera a m'ndowa, pukutani, muyendetse pang'ono kuti ziume. Ku malo otsukira galimoto auzeni anyamata asaloze paipi yamphamvu ija pa majoini; imakankhira mchenga m'kati m'malo mouchotsa. Mpira ukayamba mawanga a dzimbiri omveka ndi chikhadabo, musavutike n'kuukwecha ndi sandipepa. Watha.

Za kutentha ndingonena mwachidule, chifukwa anthu amakunamizira kwambiri. Zoonadi ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, koma PTFE imapirira kutentha kopitirira madigiri 100 popanda vuto. Dzuwa lathu limaononga timphira tophimbira ndi kufewetsa girisi, osati joini yeniyeniyo. Moto womwe umaipha ndi wa wowotcherera: kuwotcherera mkono joini ili momwemo kumapsereza kansalu nthawi yomweyo, ndipo ngati waya wa ethi wa makina owotcherera waikidwa mbali ina ya joini, magetsi amadutsa mu mpira n'kusiya timabala. Chotsani joini kaye.

Bawuti ndi maikidwe

Majoini ambiri a mpikisano ochokera ku America amayezedwa mu mainchi, pomwe mabawuti omwe timapeza ku Limbe kapena pa Dyeratu ndi a mamilimita. Bowo la theka la inchi ndi mamilimita 12.7. Mukalowetsamo bawuti ya M12, ya mamilimita 12, ilowa bwinobwino, koma patsala mpata wa 0.7, ndipo mpata umenewo udzagogoda ngakhale mumange nati mpaka sipanala ipindike. Choopsa kwambiri chili ku mchira: mazinga a M12 otalikirana mamilimita 1.25 amalowa m'bowo la mazinga a theka la inchi a UNF (mazinga ang'onoang'ono a muyezo wa mainchi) ngati ndi ake, koma amangogwira nsonga zokha, ndipo tsiku lina pa dzenje adzasololoka. Yezani ndi venya, chipangizo choyezera kukula kwa zitsulo, musayeze ndi maso.

Bawutiyo ikhale yolimba, ya nambala 10.9 kapena 12.9 pamutu, ndipo gawo lake losalala ndi lomwe likhale m'kati mwa mpira. Mazinga akakhala m'katimo amadya bowo. Mpira uyenera kupanidwa mwamphamvu mbali zonse ziwiri kuti usazungulire pa bawuti. Kutembenuka konse kuzichitika pakati pa mpira ndi mphete.

Tsopano za kuthyoka, chifukwa kugogoda kumangotopetsa koma kuthyoka kumapha. Joini ya mchira inapangidwa kuti izikokedwa ndi kukankhidwa motsata mchira wake. Mphamvu yokankha mpira cham'mbali, ngati kuutulutsa mu mphete, imapirira yochepa kwambiri, pafupifupi magawo 10 mpaka 15 pa 100 a yomwe imapirira motsata mchira. Ndipo mchirawo sufuna kupindidwa. Ukaikidwa pamalo pomwe kulemera kwa galimoto kapena mphamvu ya mabuleki ikuupinda, mng'alu umayambira pa mzinga woyamba pafupi ndi nati yotsekera, n'kumakula mwakachetechete mpaka tsiku lodukiratu. Tsukani malo amenewo muwaunike ndi tochi nthawi iliyonse mwakweza galimoto. Mchira wopindika ngakhale pang'ono musauwongole. Musautulutsenso kwambiri pofuna kukonza alaimenti: gawo lolowa m'kati lisachepere kukula kwa mchirawo kamodzi ndi theka, ndiye kuti wa M16 ulowe mamilimita 24 kapena kupitirira. Mukamanga nati yotsekera, jambulani kamzere ka penti kodutsa pa nati ndi pa mkono. Kamzereko kakasiyana mudziwa msanga kuti yayamba kumasuka. Kumbukiraninso kuti mikono yotha kutalikitsa imakhala ndi mazinga akumanzere mbali imodzi, musalimbane nayo n'kuiononga.

Ngati joini yamangidwa mbali imodzi yokha, bawuti ili ngati chikhomo chopanda chogwira kunja, ikani washala wamkulu wochindikala woposa bowo la mphete pansi pa mutu wa bawuti. Mpira ukadzatuluka, mkono udzakodwa pa washalayo m'malo mogwa. Ndi kanthu ka ndalama zochepa, koma potsika makona a ku Thabwa mutanyamula ana, ndi komwe kangasiyanitse kuima pambali ndi kulowa kuphompho.

Palinso vuto lomwe limapezeka kwambiri pa galimoto zomwe zakwezedwa zitafika kuno. Munthu wagula galimoto yotsitsidwa, waona kuti ikukhula pansi, wauza makaniko aikweze pa makoilova. Zomveka. Koma mpira uli ndi malire a kupendekeka kwake, pa majoini wamba madigiri khumi ndi owerengeka chabe. Mukasintha msinkhu wa galimoto, mkono umakhala wopendekeka kale usanakumane ndi dzenje, ndiye tayala likatsikira m'dzenje bawuti kapena kachitsulo kotalikitsira kamamenya mlomo wa mphete. Chizindikiro chake ndi kamalo kowala kapena kophwanyika pa mlomowo. Joini yotereyi idzatha msanga ngakhale ikhale yodula bwanji. Poyesa, masulani shoko, muyendetse tayala ndi manja kuchokera pansi penipeni mpaka pamwamba, chiwongolero chili mbali iyi kenako inayo. Paliponse muzitha kugwedeza mutu wa joini pang'ono ndi zala. Pomwe wauma gwa, wafika pamalire, ndipo pafunika tizitsulo totalikitsira tosongoka tomwe timaonjezera mpata wopendekekera.

Pokhomera bering'i m'bowo la mkono, kankhani mphete yakunja yokha pogwiritsa ntchito soketi yofanana nayo kukula ndi vaisi kapena puresi. Nyundo pa mpira ayi. Bowo likathina kwambiri limafinya mphete, mpira n'kuuma; likakula, bering'i yonse imasewera m'bowomo ngakhale ili yatsopano, ndipo kukhoma timabowo ndi panchi kuti igwire kumangogwira sabata zingapo.

Kusiyanitsa yabwino ndi yachabechabe

Itengeni m'manja. Ya kansalu yatsopano iyenera kukhala yolimba kutembenuza, mwina mpaka mulowetse bawuti kuti mupeze pogwira, koma izitembenuka mosalala, osati modumphadumpha. Anthu ena amaibweza poganiza kuti yagwira dzimbiri, chonsecho kulimbako ndiye umoyo wake. Ikamazungulira ndi chala chimodzi kapena kulira mukaigwedeza pafupi ndi khutu, isiyeni pa kauntala. Mpira uziwala ngati galasi. Pa mutu pazikhala dzina la opanga ndi nambala yomwe mungaifufuze pa intaneti n'kupeza mphamvu yake yolembedwa. Makampani odziwika monga Aurora, FK, Fluro, NMB, THK ndi SKF amasindikiza manambala amenewa. Yopanda chilembo chilichonse siiyenera kukhala pa chiwongolero kapena pa mkono wonyamula tayala.

Thupi lake nalo n'lofunika. Zotchipa zimapangidwa ndi chitsulo chofewa, n'zoyenera pa ndodo za magiya kapena pa makina a pa fakitale. Za sasipenshoni zimakhala za chitsulo cholimba cha chromoly, chomwe chimalembedwa 4130, ndipo zambiri zabwino ndi za zidutswa zitatu: thupi, mphete yakeyake ndi mpira. Dziwaninso kuti bowo la kanipo ka girisi limachepetsa mphamvu ya mutu wa joini. Choncho musatenge joini ya pa thirakitala kapena ya m'sitolo ya zipangizo za fakitale n'kuika pa galimoto yothamanga chifukwa choti mazinga agwirizana.

Mukasintha, sinthani mbali zonse ziwiri. Musanamasule yakale yezani kutalika kwa mkono kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake, kuti yatsopano ikhale pomwepo, kenako kapangitseni alaimenti.

Kodi muyenera kukhala nazo n'komwe?

Ngati galimotoyo ndi ya mpikisano weniweni, kapena yoseweretsa Loweruka ndi Lamlungu basi, khalani nazo, muziphimbe, muziziyang'ana mukabwerako ulendo uliwonse. Koma ngati ndi yomwe imakupititsani ku ntchito ku Nchalo, kumunda ku Livunzu ndi kumaliro ku Tengani, maganizo anga ndi oti muchotse ma rose joint pa mikono yapansi ndi ma pillow ball apamwamba pa shoko, mubwezeretse mabushi ndi mamaunti a mphira. Pillow ball ya pamwamba pa shoko yakutsogolo, pa mitundu yambiri, imasenza kulemera kwa galimoto mbali yomwe ili yofooka ija, ndipo pa mabampu ang'onoang'ono a msewu wafumbi imamenyedwa kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mphira imameza kumenya kumeneko. Chitsulo chimakupatsira ku thupi la galimoto, ndipo pakapita nthawi mumayamba kuona ming'alu pa chitsulo chozungulira pamwamba pa shoko. Chiwongolero chidzafewerapo pang'ono, zoona, koma pa liwiro lomwe misewu yathu imalola simudzataya kanthu koti n'kudandaula nako.

Pa mapikiapu okwezedwa, pomwe mkono wotha kutalikitsa ndi wofunikadi kuti ekiselo ikhale pakati, funani wa mphira mbali imodzi ndi joini yotsekedwa mbali inayo. Mikono yoyambirira ya galimoto zambiri za ku Japan imapezeka kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Limbe ndi ku Ndirande. Pitani ndi nambala ya chesisi komanso mkono womwe mwachotsawo, chifukwa mitundu ina imasiyana kutalika ngakhale dzina la galimoto lili limodzi. Ndipo mabushi a mphira amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Mukawamanga tayala likulendewera amakhala opotoka ndipo amang'ambika miyezi yochepa.